Zinyalala zikatuluka pageti, udindo umatsala pakhomo

Mvula yoyamba ikangoyamba kuomba padenga la malata ku Ndirande, Mbayani, Mtandire kapena Kawale, pali ntchito ina imene imagwiridwa msangamsanga. Mayi amaitana mwana kuti anyamule chidebe. Mnyamata amakoka thumba limene lakhala kuseri kwa bafa milungu iwiri, likuchucha madzi akuda. Onse ulendo wa kungalande. Madzi othamanga aja amalandira makoko a nthochi, phulusa la pambaula, zitsononkho, majumbo ndi matewera a ana, n'kutsetsereka nazo. Pakhomo pamatsala poyera mbee, ndipo banja limagona mtima uli m'malo.

Kumunsi nkhani ndi ina. Thumba lija limakatsakamira pakamwa pa kalavati. Lachiwiri limadzatsamira pa loyamba, majumbo n'kumata mipata yotsala. Pakati pa usiku madzi amasowa kolowera, amakwera mumsewu, amadutsa pachimbudzi cha wina, kenako amalowa m'nyumba ya banja limene silinataye kalikonse. Kukacha anthu amaima m'mbali mwa msewu, manja ali m'chiuno, onse akunena chimodzi: a khonsolo sakugwira ntchito.

Mawuwo si abodza kotheratu. Koma malamulo a dziko lino sayambira kukhonsolo. Amayambira pakhomo pamene thumba lija lachokera.

Gawo 13 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, limauza boma kuti lisamalire chilengedwe pofuna kuti anthu azikhala ndi kugwira ntchito pamalo osaika moyo wawo pachiswe, komanso kuti mibadwo ya m'tsogolo idzapeze dziko lisanaonongeke. Mfundoyi inatambasulidwa bwino m'lamulo la Environment Management Act la 2017, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1996 n'kukhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lija anthu amangoti MEPA. Lamuloli limanena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi abwino pa thanzi lake, ndipo munthu yemweyo ali ndi udindo woteteza ndi kukonza malowo. Ambiri amagwira mbali ya ufulu n'kuisunga pamtima, ya udindo n'kuisiya pomwepo. Lamulo silinazilekanitse. Mfundo ina imene lamuloli laimapo ndi yakuti amene waononga ndi amene ayenera kulipira zokonzera, osati mnansi wake kapena mzinda wonse.

Tsatanetsatane wa za zinyalala ali m'malamulo ang'onoang'ono a 2008 okhudza kasamalidwe ka zinyalala ndi ukhondo. Malamulowa amati amene watulutsa zinyalala ali ndi udindo wozisunga mosamala pamalo pake, kuti zisakhale poswanirana ntchentche, makoswe ndi udzudzu, ndiponso zisasowetse anthu ena mtendere. Amatinso zinyalala zoopsa zizipatulidwa, zisamasakanizidwe ndi zinyalala wamba. Munthu akamva mawu akuti zinyalala zoopsa amaganiza za fakitale ya ku Makata kapena ku Kanengo, koma nyumba iliyonse ili nazo: mabatire a tochi ndi a sola amene atha mphamvu, mabotolo a mankhwala ophera tizilombo m'munda kapena othira m'chimanga, mapiritsi opitirira masiku, majakisoni a wodwala shuga, oyilo wakuda wa galimoto kapena wa njinga ya moto. Botolo la mankhwala a mbewu likaponyedwa padzala, mwana wotola mabotolo amakaligulitsa, ndipo mawa lake muli thobwa kapena mafuta ophikira.

Pali lamulo lina lakale kuposa onsewa, limene limafika pakhomo mosavuta: la Public Health Act la 1948. Lamuloli limaletsa munthu kuyambitsa kapena kulekerera, pamalo amene ali ake kapena amene akukhalapo, chinthu chilichonse chosokoneza anthu kapena choika moyo wawo pangozi. Mulu wa zinyalala wonunkha uli m'gulu limeneli. Chimodzimodzi ngalande yotsekeka, chimbudzi chosefukira ndi madzi odikha amene udzudzu ungaswaniremo, ngakhale akhale a m'tayala lakutha kapena m'chitini. Khonsolo ikapeza zotere imalembera kalata munthu amene wayambitsa vutolo, kumuuza zoti akonze ndi masiku amene wapatsidwa. Akanyozera, nkhani imapita kwa majisitireti, amene angalamule kuti akonze ndi kum'lipitsa chindapusa. Khonsolo ingathenso kukonza yokha n'kum'tumizira bilu.

Apa ndi pamene alendi ndi eni nyumba ayenera kutchera khutu, chifukwa m'mipanda yambiri ya m'tauni mkangano wake ndi womwewu. Mumpanda muli mabanja asanu ndi limodzi, chimbudzi chimodzi, dzenje la zinyalala limodzi lomwe linadzaza kalekale. Alendi amati izi ndi za alandilodi. Alandilodi, amene mwina amakhala kutali n'kumangobwera pakutha pa mwezi, amati zinyalalazo sanataye ndi iwo. Lamulo la zaumoyo lija limayang'ana kaye amene wayambitsa kapena kulekerera vutolo, kaya ndi mwini nyumba kaya ndi wokhalamo. Choncho mlendi amene amataya matewera kuseri kwa mpanda sangabisale kumbuyo kwa alandilodi. Koma ngati vuto lachokera pa kamangidwe, monga chimbudzi chogumuka kapena ngalande imene sinakonzedwe bwino, kalata imapita kwa mwini nyumba. Zimateronso ngati pamalopo sipakhala munthu. Anthu amene anagula mapuloti n'kuwasiya zaka zambiri osamangapo, udzu n'kumera, anansi n'kuwasandutsa dzala la mdadada wonse, ayenera kudziwa kuti khonsolo ikasowa wotaya imafunsa mwini malo.

Ndiye pali nkhani ya wilibala.

M'madera amene galimoto ya zinyalala sifika, m'mawa uliwonse anyamata amayenda khomo ndi khomo akukankha wilibala kapena njinga. Amagogoda pageti n'kufunsa mwaulemu: "Amayi, zinyalala zilipo?" Mayi amatulutsa matumba awiri, amagwirizana mtengo, mnyamata amanyamula n'kukhota pakona. Kawirikawiri funso limodzi silifunsidwa: "Achimwene, mukataya kuti?" Mnyamatayo sakuba, akufuna ya ufa, ndipo ntchito imene akugwira ndi imene mzinda walephera kugwira. Koma ndalama imene walandira siingamufikitse ku Mzedi, kumene mzinda wa Blantyre umataya zinyalala zake, kapena ku Area 38, kumene kuli dzala la mzinda wa Lilongwe. Amafika pamene miyendo yake ingafike: pansi pa mlatho wa Nasolo, m'mbali mwa Mudi, m'mphepete mwa Lingadzi, kuseri kwa sukulu kapena m'mphepete mwa manda.

Malamulo amafuna kuti amene akuchita bizinesi yonyamula zinyalala kapena kuyendetsa malo otayirako akhale ndi chiphaso. Cholinga chake n'chakuti pakhale wina wodziwika amene angafunsidwe kumene katunduyo wathera. Mwini nyumba amene wapereka thumba kwa munthu wosam'dziwa, akudziwa bwino kuti pafupi palibe sikipi kapena malo ovomerezeka, sangasambe m'manja n'kunena kuti iye analipira. Ndalamayo yagula mtunda wa pakati pa geti lake ndi mtsinje basi. Thumbalo likang'ambika pansi pa mlatho, zimene zimatulukamo ndi za pakhomo pake, nthawi zina ndi lisiti la madzi lokhala ndi dzina lake lomwe.

Maiko ena anachita kulemba mfundo imeneyi mosapita m'mbali. Amalawi amene amakhala ku England amadziwa kuti kumeneko mwini nyumba amayenera kuonetsetsa kuti amene akum'patsa zinyalala ndi wovomerezeka. Zikapezeka zitatayidwa kutchire n'kudziwika kumene zachokera, khonsolo ingam'lipitse mpaka mapaundi 600, ngakhale amene anazitaya akhale wina. Kuno kwathu lamulo silinalembedwe m'mawu omwewo, koma mzimu wake ulipo kale m'mawu aja akuti woyambitsa kapena wolekerera vuto ndi amene ayankhe.

Ena amati njira yachidule ndi moto. Madzulo a mwezi wa Julayi, utsi wotuwa umakhala uli tolo m'makwalala, masamba ndi majumbo zikunyeka pamodzi. Masamba okha si nkhani yaikulu, ngakhale kuti ndi manyowa amene akuonongeka. Koma pulasitiki, matayala ndi matewera zikamanyeka zimatulutsa utsi wapoizoni umene umapweteka mapapo, makamaka a makanda, a nkhalamba ndi a anthu odwala mphumu. Malamulo a milandu a dziko lino amaika m'gulu la milandu kuononga dala mpweya mpaka kufika poika pachiswe thanzi la anthu okhala pafupi kapena odutsa pamsewu. Amateronso ndi kuipitsa dala madzi a pakasupe kapena padamu limene anthu amagwiritsa ntchito. Lamulo la zamadzi la Water Resources Act la 2013 nalo limaletsa kuthira zoipa m'mitsinje. Mtsinje wa Lilongwe, umene anthu amauona ngati ngalande yaikulu ya mzinda, umakathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ya Malawi ku Salima. Jumbo loponyedwa pamlatho wa pamsika wa Lilongwe lili pa ulendo wa kumene kumachokera usipa ndi chambo.

Nanga munthu achite chiyani kumene galimoto sifika? Kumudzi yankho lake ndi lakale, ndipo alangizi a zaumoyo akhala akulibwereza zaka zambiri: khomo likhale ndi chimbudzi, bafa, thandala, mpondagiya ndi dzenje la zinyalala. Dzenjelo likumbidwe kutali ndi chitsime, mamita osachepera 30, komanso kumunsi kwake, ndipo zinyalala zizikwiriridwa ndi dothi pang'onopang'ono kuti ntchentche zisapeze poikira mazira. M'tauni malo ndi ochepa, koma mbali yaikulu ya zimene zimatuluka m'khitchini ya Mmalawi ndi zoola: makoko, masamba, mikute, madeya oonongeka, phulusa. Zimenezi zikaikidwa pazokha zimasanduka manyowa m'miyezi yochepa, ndipo feteleza mmene wakwereramu palibe wa dimba amene angawakane. Zitsulo zakutha zili ndi ozigula amene amayenda ndi sikelo. Mabotolo a pulasitiki nawo ali ndi msika. Banja likapatula zonsezi, thumba lopita kusikipi limatsala laling'ono, loti mwana wamkulu angathe kulinyamula kamodzi pamlungu.

Matewera otaya aja, amene aliyense amangoti mapampasi, ndiwo afika povuta. Salowa m'gulu la zoola, sapsa bwino, ndipo agalu amawakoka usiku n'kuwamwaza mumsewu. Pali chikhulupiriro chakuti chimbudzi cha khanda chilibe vuto. Chili nalo, ndipo chimanyamula tizilombo ta matenda otsegula m'mimba mofanana ndi cha munthu wamkulu. Chofunika n'kukhuthulira chimbudzicho m'chimbudzi, thewera n'kulimanga bwino lisanapite kudzenje kapena kubini.

Kunena za majumbo, lamulo lilipo kuyambira 2015. Limaletsa kupanga, kuitanitsa kunja ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, aja amang'ambika ukangoikamo tomato wa mulu umodzi. Makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti n'kuimitsa lamuloli, koma mu Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chipitirire. Pambuyo pake makampani ena anabwereranso kukhoti kangapo, ndipo majumbo anapitiriza kuuluka m'misika. Mmodzi mwa amene analimbana nayo nkhondo imeneyi ndi Gloria Majiga-Kamoto, amene mu 2021 analandira mphotho ya Goldman Environmental Prize. Chimene chinam'khudza poyamba ndi mbuzi za alimi zimene zinkafa zitadya majumbo, chinthu chimene aliyense wopha mbuzi pamsika angachitire umboni, chifukwa amachiona akang'amba chifu.  Dengu, chikwama cha nsalu kapena kachidebe kogulira mafuta si za agogo ayi, ndi njira yopewera majumbowa.

Wina angafunse kuti kulimbikira konseku n'chifukwa chiyani. Yankho lake anthu analiona ndi maso. Mu Malichi 2022 kolera inabuka ku Machinga, pambuyo pa namondwe wa Ana, n'kufalikira m'maboma onse. Pofika pakati pa 2023 anthu pafupifupi 59,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira, mliri wa kolera woopsa kuposa yonse imene dziko lino linaonapo. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mwezi wotsatira kampeni ya Tithetse Kolera inakhazikitsidwa ku Mgona mumzinda wa Lilongwe. Makoko a nthochi paokha sayambitsa kolera. Matendawa amafala pamene chimbudzi cha munthu chafika m'madzi akumwa kapena m'chakudya. Koma ngalande yotsekeka ndi zinyalala ndi imene imatembenuzira madzi kuchimbudzi ndi kuchitsime, thewera lotayidwa kumtsinje ndi limene limafika pamene ena akutsuka mbale, ndipo ntchentche ya padzala ndi yomwe imatera pamandasi ndi pansomba zouma.

Zonsezi sizikuchotsera khonsolo mlandu. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la Local Government Act la 1998 limapereka kwa makhonsolo ntchito yotolera ndi kutaya zinyalala, komanso mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo ndi kulipitsa owaphwanya. Eni nyumba m'mizinda amalipira msonkho wa nyumba, ndipo ogulitsa m'misika amadula tikiti tsiku ndi tsiku. Ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti ndalamazo zikugwira ntchito yanji. Chimene chimaoneka n'chakuti magalimoto ochepa amene alipo amazungulira kwambiri m'misika ikuluikulu, pakati pa tauni ndi m'madera a misewu yabwino, pamene kumene kumakhala anthu ochuluka sikipi imadzaza mpaka kusefukira, n'kukhala milungu osanyamulidwa. Ku Mzedi ndi ku Area 38 komweko zinyalala zimangothiridwa pamtetete, ndipo anthu okhala pafupi akhala akudandaula za utsi, fungo ndi ntchentche. Kuuza mayi wa ku Mtandire kuti asataye mu Lingadzi popanda kum'patsa kotaya n'kum'senzetsa katundu wa anthu awiri. Khonsolo imene ikufuna kulipitsa anthu iyenera kuyamba yaika sikipi n'kumainyamula pa nthawi yake.

Mwayi wake ngwakuti lamulo lomwe limapatsa nzika udindo limaipatsanso pokadandaula. Poyambira ndi pafupi: kukambirana ndi mnansi, kenako kwa mfumu kapena mkulu wa mdadada, amene nthawi zambiri amathetsa nkhani zotere pabwalo popanda wina kupita kukhoti. Zikakanika, pali mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, khansala wa wodi ndi ofesi ya zaumoyo kukhonsolo. Ndi bwino kupereka dandaulo polemba kalata, kuikapo tsiku, kusunga kope yake ndi kujambula zithunzi pafoni, chifukwa dandaulo la pakamwa limaiwalika msanga. Ngati woononga ndi kampani, kapena zimene zikutayidwa ndi zoopsa, nkhaniyo ndi ya MEPA. Ngati khonsolo yalandira madandaulo koma yangokhala chete, ofesi ya Ombudsman imalandira nkhani za kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi a boma, ndipo salipiritsa. Kuchokera mu Seputembala 2020, pamene lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga m'maofesi linayamba kugwira ntchito, nzika ingalembere khonsolo kufunsa ndalama zimene zinapatulidwa pa ntchito ya zinyalala ndi mmene zagwiritsidwira ntchito.

Chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa chili m'lamulo la 2017 lija. Munthu angatengere kukhoti nkhani ya kuonongeka kwa chilengedwe popanda kuyamba waonetsa kuti iye mwini wavulala kapena wataya katundu. Kale funso loyamba linkakhala lakuti iwe zikukukhudza bwanji. Tsopano mphunzitsi wopuma ntchito, gulu la amayi a kumpingo kapena komiti ya chitukuko ya m'dera angaimire mtsinje wawo, ngakhale madziwo asanalowe m'nyumba ya aliyense wa iwo.

Mu Novembala 2020 boma linakhazikitsa, ku Chinsapo mumzinda wa Lilongwe, tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Miyezi yoyamba anthu anatuluka ndi matsache, mafosholo ndi mawilibala, kenako changu chinazirala m'malo ambiri. Kusesa pamodzi n'kwabwino, ndipo kumene mafumu ndi makomiti a misika agwiritsa mwambowu kusintha kumaoneka. Koma tsiku limodzi silingatole zimene makomo zikwizikwi ataya masiku 29 enawo. Ngalande imene yayeretsedwa Lachisanu masana imadzazanso Loweruka ngati matumba akadali kuseri kwa mabafa kudikira mvula.

Choncho mvula ya chaka chino isanagwe, mwini khomo aliyense, wa nyumba yake ndi wa lendi yemwe, ayang'ane kuseri kwa bafa. Zoola zipite kudzenje la manyowa, mabatire ndi mabotolo a mankhwala akhale paokha kutali ndi ana, ndipo mnyamata wa wilibala akagogoda pageti afunsidwe kumene akukataya asanalandire ndalama. Ngati m'dera mulibe sikipi, anansi alembe kalata imodzi, asainire onse, aipereke kwa khansala ndi kukhonsolo mwezi uno, ndipo asunge kope yake.